Mizere yoyera ya pa mammogram ndi zimene ikunena za mtima wa mayi

Dokotala wowerenga zithunzi za mammogram, zithunzi za X-ray zojambula mkati mwa bere, amakhala akusaka zinthu ziwiri makamaka. Choyamba ndi chotupa chimene m'mbali mwake muli mosalongosoka. Chachiwiri ndi timadontho toyera tating'onoting'ono towunjikana malo amodzi, timene nthawi zina timakhala chizindikiro choyambirira cha khansa. Koma pa zithunzi zambiri, makamaka za amayi amene apitirira zaka 60, pamaonekanso chinthu chachitatu: mizere iwiri yoyera, yoyenda moyandikana, yokhotakhota kudutsa m'bere. Madokotalawo amaifanizira ndi njanji ya sitima. Umenewu ndi mtsempha wobweretsa magazi ku bere, umene m'chipupa chake mwalowa calcium, mchere womwe uja umene umalimbitsa mafupa ndi mano. Dzina lake lachipatala ndi breast arterial calcification, mwachidule BAC.

Kwa zaka zambiri nkhani ya mizere imeneyi inkathera pa mawu amodzi: si khansa. Buku la BI-RADS, limene bungwe la American College of Radiology linakonza kuti madokotala azilemba zotsatira za mammogram mofanana, limaika mitsempha yotereyi m'gulu la zinthu zosadetsa nkhawa. Ndipo pa nkhani ya khansa, n'zoona. Mtsempha wouma susanduka chotupa, sufunika kuudula kanyama kuti akauyeze, sufunika opareshoni. Choncho madokotala ambiri ankangoudutsa ndi maso osaulemba n'komwe mu lipoti. Ena ankaulemba m'mawu atatu kapena anayi amene mwini bere sakanawamva. Mayi n'kubwerera kwawo wosangalala kuti alibe khansa, pamene chithunzi chomwecho chanenapo kanthu za mitsempha ya thupi lake lonse, koma palibe wamuuza.

Ine ndikuti mayi aziuzidwa. Ndikudziwa kuti alipo madokotala anzeru amene sakugwirizana nazo, ndipo zifukwa zawo ndizifotokoza mosabisa. Koma ndiyambe ndi chimene chimandipweteka.

Khansa ya m'mawere timaiopa, ndipo n'koyenera. Mwezi wa October ukafika, timaona timaliboni ta pinki, maulendo a ndawala, mauthenga pa wailesi. Koma chimene chimapha amayi ambiri padziko lonse si khansa ya m'mawere. Ndi matenda a mtima ndi mitsempha ya magazi. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 matendawa anapha anthu pafupifupi 17.9 miliyoni, kutanthauza munthu mmodzi mwa atatu aliwonse amene anamwalira chaka chimenecho. Ku America, mwa amayi asanu aliwonse omwalira, mmodzi amafa ndi mtima. Chodabwitsa n'chakuti amayi eni akewo akuiwala zimenezi. Bungwe la American Heart Association linafunsa amayi mu 2009 kuti matenda amene amapha amayi kwambiri ndi ati, ndipo 65 pa 100 aliwonse anayankha molondola. Atafunsanso mu 2019, olondola anatsika kufika pa 44. Kwathu kuno sitiwerengera choncho, koma mvetserani pa maliro akamafotokoza za imfa ya malemu. "Anangogwa kubafa." "BP inakwera usiku." "Anafa ziwalo mbali imodzi, sanalankhulenso." "Miyendo inatupa, ankabanika akagona." Zonsezi ndi nkhani za mtima ndi mitsempha, kungoti sitizitchula ndi dzina limodzi, ndiye sizioneka ngati mliri.

Kuti timvetse chimene mizere yoyera ija ikutanthauza, tiyenera kuona kapangidwe ka mtsempha. Chipupa cha mtsempha wotenga magazi kuchokera ku mtima chili ndi zigawo zitatu: chamkati chimene chimakhudzana ndi magazi, chapakati chimene chili ndi minofu ndi timaulusi totamuka, ndi chakunja. Matenda amene ambiri tinamvapo, aja a mafuta otseka mitsempha, amachitika m'chigawo chamkati. Cholesterol amalowa pansi pa khungu la mkatilo, n'kuwunjikana, njira ya magazi n'kuchepa. Tsiku lina muluwo umang'ambika, magazi n'kuundana pomwepo, njira n'kutsekeka. Zikachitikira mu mtsempha wodyetsa mtima, ndiye heart attack. Zikachitikira mu mtsempha wopita ku ubongo, ndiye sitiroko.

Zimene zimaoneka m'bere n'zosiyana. Calcium wa BAC amakhala m'chigawo chapakati. Dokotala wa ku Germany, Johann Georg Mönckeberg, ndi amene anafotokoza mtundu umenewu wa kuuma kwa mitsempha mu 1903, ndipo mpaka lero umadziwika ndi dzina lake. Satseka njira ya magazi. Chimene amachita ndi kuumitsa chipupa. Aliyense amene anathirirapo dimba ndi paipi ya labala akudziwa kuti ikakhala yatsopano imapindika ndi kufutukuka madzi akamadutsa, koma ikakhalitsa padzuwa imauma gwa, ngakhale mkati mwake muli mosatsekeka. Mtsempha wabwino umafutukuka pang'ono mtima ukapopa, n'kubwerera mwakale, ndipo kutamuka kumeneko kumachepetsa mphamvu ya magazi isanafike ku timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo ndi mu impso. Mitsempha ikauma, nambala ya pamwamba ya BP imakwera, mtima umapopa movutikira, chipupa chake chimanenepa, ndipo pakapita zaka umafooka.

Sikuti calcium amangodikha mu mtsempha ayi. Maselo a minofu ya m'chigawo chapakati chija amasintha khalidwe, n'kuyamba kuchita ngati maselo omanga fupa. Zimene zimawakankhira kumeneko ndi ukalamba, shuga wokwera kwa nthawi yaitali, ndi mchere wina wotchedwa phosphate wochuluka m'magazi, amene amachuluka impso zikayamba kulephera kusefa. N'chifukwa chake BAC imapezeka kwambiri mwa amayi a matenda a shuga ndi a impso. Thupi lili ndi chitetezo chake: puloteni ina yotchedwa matrix Gla protein imaletsa calcium kumatirira m'mitsempha, koma kuti igwire ntchito imafuna vitamini K. Mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi otchedwa warfarin amagwira ntchito potsekereza vitamini K yemweyo, ndipo ofufuza anapeza kuti amayi amene amamwa mankhwalawa amakhala ndi BAC kawirikawiri kuposa anzawo.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza mutu pa nkhaniyi, ndipo ndimazikonda chifukwa zimationetsa kuti BAC si kope chabe la matenda a mafuta aja. Choyamba, amayi osuta fodya amapezeka ndi BAC mochepa poyerekeza ndi osasuta, pamene tonse tikudziwa kuti fodya amawononga mitsempha ya mtima. Palibe amene ayambe kusuta chifukwa cha zimenezi, ndikhulupirira. Tanthauzo lake n'lakuti fodya amawononga chigawo chamkati, osati chapakati, ndipo mayi wosuta akhoza kukhala ndi mammogram yopanda mizere imeneyi mtima uli pachiswe. Chachiwiri, amayi amene anabereka ana ambiri amakhala ndi BAC kawirikawiri kuposa amene sanaberekepo. Mitsempha ya m'bere imakula ndi kubwerera pa mimba iliyonse ndi pa kuyamwitsa kulikonse, ndipo zikuoneka kuti zimenezi zimasiya chizindikiro. Mfundo yachiwiriyi ndibwereranso nayo, chifukwa ikutikhudza ife kuposa amayi a ku Ulaya.

Nanga umboni wakuti mizere imeneyi ikukhudzana ndi imfa za mtima uli pati? Unayamba kuoneka ku Utrecht m'dziko la Netherlands. Mu zaka za m'ma 1970 mzindawu unayambitsa ntchito yoyeza amayi khansa ya m'mawere, yotchedwa DOM. Patapita zaka, ofufuza anabwerera ku zithunzi za amayi oposa 12,000 a zaka za pakati pa 50 ndi 68, n'kuona amene anali ndi mitsempha youma, amene anali pafupifupi 9 pa 100 aliwonse. Kenako anatsatira kuti ndani anamwalira ndipo anafa ndi chiyani. Zotsatira zimene anasindikiza mu 1998 zinaonetsa kuti amayi a BAC ankafa ndi matenda a mtima ndi mitsempha mochulukirapo, ndipo kusiyanako kunali kwakukulu kwambiri mwa amayi a shuga. Mu 2004 gulu la Carlos Iribarren la ku Kaiser Permanente m'chigawo cha California linapeza zofanana mwa amayi enanso oposa 12,000: matenda a mitsempha ya mtima, sitiroko ndi kufooka kwa mtima zinkachuluka mwa amene anali ndi BAC.

Zithunzi za nthawi imeneyo zinali zosaoneka bwino poyerekeza ndi za makina a digito a masiku ano. Mu 2016 Laurie Margolies ndi anzake a pa chipatala cha Mount Sinai ku New York anatenga amayi 292 amene anajambulidwa mammogram ya digito komanso CT scan ya pachifuwa, n'kuyerekeza ziwirizo. Amayi amene anali ndi calcium m'mitsempha ya m'bere, ambiri mwa iwo analinso naye m'mitsempha ya mtima. Kafukufuku amene anthu amamutchula kwambiri tsopano ndi MINERVA, wa Iribarren yemwe uja, amene anatuluka mu 2022. Anatsatira amayi 5,059 a zaka 60 mpaka 79, a mitundu yosiyanasiyana, amene analibe matenda a mtima poyamba, kwa zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi ndi theka. Mmodzi mwa anayi aliwonse anali ndi BAC. Amayi amenewa anapezeka kuti chiopsezo chawo cha heart attack kapena sitiroko chinali chokwera ndi 51 peresenti, ngakhale atachotsapo mbali ya msinkhu, BP, shuga, cholesterol ndi fodya.

Nambala ya 51 peresenti imaopsa ikangomveka, choncho tiyeni tiiwerenge modekha. Sikutanthauza kuti theka la amayi a BAC adzadwala mtima. Tanthauzo lake ndi lakuti ngati mwa amayi 100 opanda BAC anayi adwala m'zaka zingapo, mwa amayi 100 a BAC adwala asanu ndi mmodzi. Ambiri sadwala. Mu MINERVA monse, amene anagwidwa ndi heart attack kapena sitiroko m'zaka zimenezo anali pafupifupi atatu pa 100 aliwonse. BAC si chiweruzo cha imfa. Ndi chizindikiro chakuti mitsempha ya mayiyu yakalamba kuposa mmene zaka zake zikunenera, makamaka ikapezeka mwa mayi wa zaka 45 kapena 50, pamene sizinayenere kuoneka. Kwa agogo a zaka 80 n'zofala kwambiri moti sizinena zambiri.

Ine nkhaniyi inandipeza kudzera mwa achemwali anga aakulu, amene akhala ku Johannesburg zaka zambiri. Ntchito yawo ili ndi medical aid, ndiye amapita kukajambulitsa mawere nthawi ikakwana. Atalandira lipoti anandijambulira n'kunditumizira pa WhatsApp, poti kwathu ine ndi amene ndimakonda kuwerenga za umoyo. "Iwe, tandiwerengera ichi. Adokotala akuti zonse zili bwino, koma mzere wachitatuwo ukuti chiyani?" Mzere wachitatuwo unkanena kuti m'mawere onse awiri muli mitsempha ya calcium, yosadetsa nkhawa. Basi. Palibe anawafotokozera. Ndinawafunsa kuti, "Achemwali, BP munayezetsa liti?" Anaseka n'kunena kuti iwo sadwaladwala, mutu suwapweteka, ayezetserenji. Awa ndi mayi wa ana asanu, amene pa mimba yomaliza anagonekedwa m'chipatala miyendo itatupa, BP itakwera, mwana n'kubadwa masiku asanakwane. Atachira anaiwala, ndipo palibe anawauza kuti matenda a pre-eclampsia amasiya mayi ali pa chiopsezo cha BP ndi mtima moyo wake wonse. Ndinawaumiriza mpaka anapita. BP inapezeka yokwera, anabwereza kuyeza masiku ena, inali yokwerabe, ndipo tsopano amamwa kam'bulu kamodzi m'mawa uliwonse.

Sindikunena kuti mammogram inapulumutsa moyo wawo. BP ija ikanapezeka ndi makina wamba a pa mkono tsiku lililonse akanapita. Koma sankapita, ndipo amayi ambiri otanganidwa ndi ntchito, ana ndi zidzukulu sapita. Chimene chinawadzutsa ndi kumva kuti pali chinthu chooneka ndi maso m'thupi mwawo. Uphungu wakuti "muziyezetsa BP" timaumva pa wailesi mpaka umangodutsa m'khutu. Kuuzidwa kuti "mitsempha yanu yayamba kuuma, nayi pa chithunzi" kumalowa mumtima mwa njira ina.

Tsopano zifukwa za amene amakana. Chachikulu n'chakuti kuona kuti zinthu ziwiri zimayendera limodzi n'kosiyana ndi kutsimikiza kuti kuuza mayi kumachepetsa imfa. Kuti titsimikize zimenezo pamafunika kafukufuku wogawa amayi m'magulu awiri, ena n'kuuzidwa, ena osauzidwa, n'kuwatsatira zaka zambiri. Umboni umene ulipo ndi wa mtundu woyamba uja. Malangizo a madokotala a mtima a ku America a mu 2019 anatchula pre-eclampsia ndi kusiya kusamba usanafike zaka 40 ngati zinthu zowonjezera chiopsezo cha mayi, koma BAC sanaiike pa mndandandawo. Palibenso mankhwala ochotsa calcium amene walowa kale. Ma statin amatsitsa cholesterol ndi kuteteza ku heart attack, koma sasungunula mizere ija. Ndiye otsutsawo amafunsa kuti: timuuzirenji munthu chinthu chimene sitingachichotse? Tingomupatsa nkhawa, n'kumutumiza ku mayeso odula amene mwina sakuwafuna. Amanenanso kuti madokotala owerenga zithunzi ndi ochepa, ntchito ndi yambiri, ndipo aliyense amayeza kuchuluka kwa calcium mwa njira yake.

Pali chinanso chimene ineyo chimandikayikitsa, ndicho malonda. Mu 2023 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo za chipatala ku America, linavomereza pulogalamu ya kompyuta yotchedwa cmAngio, ya kampani ya CureMetrix, imene imazindikira BAC pa mammogram. Makina otere akhoza kuthandiza kuti muyezo ukhale umodzi ndiponso kuti dokotala wotopa asaphonye. Koma pamene pali mantha pamabweranso wogulitsa. Sindikufuna kuona mayi akulipiritsidwa ndalama zina kuti auzidwe chinthu chimene dokotala wachiona kale ndi maso ake pa chithunzi chimene mayiyo walipira.

Komabe zifukwa zonsezi sizikundikhutiritsa kuti kukhala chete n'kwabwino. Choyamba, chithunzicho chajambulidwa kale. Palibe cheza china cha X-ray chimene mayi alandire, palibe ulendo wina, palibe kupanikizidwanso bere pa makina. Chachiwiri, zimene ziyenera kutsatira si zodula kapena zoopsa: kuyeza BP, shuga, impso ndi cholesterol, zinthu zimene mayi aliyense wa msinkhu umenewu ankayenera kuyezedwa kale. Chachitatu, njira zowerengera chiopsezo cha mtima zimene madokotala amagwiritsa ntchito, zimene mizu yake ili mu kafukufuku wa m'tauni ya Framingham ku America amene anayamba mu 1948, zimaphonya amayi ena amene pa pepala amaoneka otetezeka. Chizindikiro chochokera m'thupi la mayi mwiniyo chimathandiza kuwapeza. Ndipo pamwamba pa zonse, thupi ndi lake. Margolies yemwe uja anafunsa amayi obwera kudzajambulitsa ngati angafune kuuzidwa za BAC, ndipo oposa 9 mwa 10 aliwonse anati inde. Bungwe la Canadian Society of Breast Imaging nalo mu 2023 linalimbikitsa madokotala a ku Canada kuti azilemba BAC mu malipoti awo.

Zoterezi zinachitikapo kale pa nkhani ina ya mammogram. Amayi ena ali ndi mawere olimba mkati, okhala ndi minofu yambiri kuposa mafuta, ndipo pa chithunzi minofuyo imayera ngati chotupa, moti khansa ikhoza kubisala. Madokotala ankadziwa zimenezi kwa zaka zambiri, ankazilemba m'malipoti opita kwa madokotala anzawo, koma amayi sankauzidwa. Nancy Cappello wa m'chigawo cha Connecticut ku America anapezeka ndi khansa yofalikira kale mu 2004, patangopita milungu yochepa atauzidwa kuti mammogram yake ili bwino. Atadziwa chifukwa chake anayamba kumenyera nkhondo kuti amayi aziuzidwa, ndipo mu 2009 Connecticut inakhala chigawo choyamba kukhazikitsa lamulo lotero. Iye anamwalira mu 2018. Kuyambira mu September 2024, chipatala chilichonse cha ku America chojambula mammogram chiyenera kuuza mayi za kulimba kwa mawere ake. Zinatenga zaka 20. Otsutsa pa nthawiyo ankanena zomwezi: amayi achita mantha, umboni sunakwane, mayeso achuluka.

Kwa alongo athu amene ali kunja, nkhaniyi ndi ya lero lomwe. Ku South Africa, amene amajambulitsa ku zipatala zolipira amatha kulandira lipoti lonse m'manja, choncho liwerengeni, ndipo mukaona mawu onena za vascular kapena arterial calcification, funsani. Ku England, NHS, nthambi ya boma ya zaumoyo, imaitana amayi a zaka 50 mpaka 71 kukajambulitsa pa zaka zitatu zilizonse, koma kalata imene imabwera imangonena ngati pakufunika mayeso ena a khansa kapena ayi. Za mitsempha simuziona m'kalatamo. Koma kumeneko kuli NHS Health Check ya anthu a zaka 40 mpaka 74, imene imayeza BP, cholesterol ndi chiopsezo cha shuga kwaulere. Amayi athu ambiri ogwira ntchito yosamalira okalamba usiku ndi usana amayeza anthu ena BP tsiku ndi tsiku, yawo osaidziwa. Ku America, kuyambira mu 2024 malangizo akuti mayi ayambe kujambulitsa ali ndi zaka 40, pa zaka ziwiri zilizonse mpaka 74, ndiye mpata wofunsa ulipo wambiri.

Ku Malawi nkhani ndi ina, ndipo sindikufuna kunamizira. Makina a mammogram ndi ochepa, ali m'mizinda, ndipo amayi ambiri amene amafika pa makinawo amakhala atamva kale chotupa. Palibe chifukwa choti mayi wa ku Ntchisi kapena ku Nsanje agulitse mbuzi kuti akajambulitse bere pofuna kudziwa za mtima wake. Makina oyezera BP a pa chipatala chaching'ono cha kwawo amuuza zambiri, mwachangu. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. Apo ndiye pagona vuto lathu. Koma mayi amene wafika kale pa makina a mammogram, kaya ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Lusaka, n'kupezeka kuti chotupa chake si khansa, asabwerere kwawo osayezedwa BP ndi shuga ngati mitsempha yake yaoneka youma. Mwina ulendo umenewo ndi wokhawo umene adzaonane ndi dokotala m'zaka zingapo.

Ndinalonjeza kubwereranso ku nkhani ya kubereka. Kafukufuku wamkulu amene ndatchula anachitika mwa amayi a ku Netherlands ndi ku America, amene ambiri anabereka ana awiri kapena atatu. Ku Malawi mu 1992 mayi ankabereka ana pafupifupi 6.7, ndipo pofika mu 2015 ndi 2016 nambalayi inali itatsika kufika pa 4.4. Amayi amene ali ndi zaka 60 lero ndi a m'badwo wa ana asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri, aliyense woyamwa mpaka zaka ziwiri. N'zoyembekezeka kuti BAC izioneka kawirikawiri pa zithunzi zawo, ndipo mbali ina ya mizereyo ikhala mbiri ya uchembere osati ya matenda. Choncho nambala ya 51 peresenti ya ku California sitingangoitenga n'kuimata pa mayi wa ku Dedza. Ophunzira athu a udokotala ku Blantyre, ku Lusaka ndi ku Harare ali ndi ntchito yabwino pamenepa, ndipo si yodula: zithunzi zilipo kale m'makompyuta a zipatala, chofunika ndi kuziwerenganso, kuyeza amayiwo BP, shuga ndi impso, n'kulemba chiwerengero cha ana. A ku Utrecht aja nawonso anayamba ndi zithunzi zimene zinajambulidwira cholinga china.

Mayi amene wauzidwa kuti ali ndi BAC achite chiyani? Asasiye kumwa mkaka kapena kudya usipa ndi matemba poganiza kuti calcium wa m'zakudya ndi amene wapita ku bere. Mafupa ake akumufuna calcium ameneyo, makamaka akasiya kusamba. Amene akumwa warfarin asasiye yekha, chifukwa mankhwalawo akumuteteza ku sitiroko kapena kuundana kwa magazi, ndipo kusintha kulikonse n'kokambirana ndi dokotala. Ndipo wina asauze mwana wake wamkazi kuti asiye kuyamwitsa, pakuti kuyamwitsa kumateteza mwana, kumachepetsanso chiopsezo cha khansa ya m'mawere kwa mayi. Chofunika ndi kupita ndi lipotilo kwa dokotala n'kupempha kuyezedwa BP kangapo, shuga, creatinine wa impso ndi cholesterol. Anene mbiri ya mimba zake zonse, ngakhale papita zaka 30: ngati BP inakwerapo, ngati shuga anabwerapo ali woyembekezera, ngati mwana anabadwa masiku asanakwane. Madokotala ambiri safunsa zimenezi kwa mayi wachikulire, ndipo amayi saganiza kuti n'zofunika. Kumene kuli zipangizo, dokotala akakayikira ngati mayi akufunika statin, akhoza kumutumiza ku CT scan yoyeza calcium wa m'mitsempha ya mtima weniweniwo, pogwiritsa ntchito muyezo umene Arthur Agatston anaufalitsa mu 1990. Si aliyense wa BAC amene akufunika zimenezo.

Ndipo amene chithunzi chake chilibe mizere asadzinamize. Amayi ambiri amadwala mtima mawere awo alibe mizere imeneyi pa mammogram, makamaka osuta ndi a cholesterol wokwera. Kupweteka kapena kulemera pachifuwa, kubanika poyenda mtunda umene kale sunkavuta, thukuta lozizira, nseru, ululu wopita ku nsagwada, kumsana kapena ku mkono, zimenezi n'zothamangira nazo ku chipatala, osati kudikira kuti kuche kapena kumwa mankhwala a chilungulira.

Chimene ndikupempha kwa madokotala owerenga zithunzi n'chochepa. Pansi pa zotsatira za khansa awonjezere ziganizo ziwiri, m'chinenero chimene mayiyo amamva: kuti m'mitsempha ya magazi ya m'bere mwaoneka calcium, kuti si khansa, ndi kuti akaonane ndi dokotala kapena namwino kuti amuyeze BP, shuga, impso ndi cholesterol. Alembenso ngati calcium wake ndi wochepa kapena wochuluka, ndi ngati ali m'bere limodzi kapena onse awiri, kuti amene adzajambule mayiyo ulendo wotsatira adzakhale ndi poyerekezera.